Kodi Mikanda ya Tsitsi la Mwana Wanu Imagona Pati?



Tsiku lina masana tili mkati mophunzitsa ana a kalasi yoyamba pa madrasa ina ku Kawale, mu mzinda wa Lilongwe, tinaona kamtsikana ka zaka zinayi kakungotikita mphuno. Anzake onse anali kubwereza zilembo mokweza, alifu, bee, tee, koma iko kanali duu. Titakafunsa kanangoweramitsa mutu. Mkulu wake, yemwe amaphunzira kalasi yapamwamba, ndiye anaulula kuti mng'ono wakeyo analowetsa mkanda m'mphuno m'mawa wa tsikulo, ndipo awiriwo anapangana zobisa poopa mkwapulo. Mkandawo unali umodzi mwa imene amayi awo anammangira kumutu pa tsiku la Eid. Atamasula tsitsi, mikanda anaisiya m'mbale pawindo, poganiza kuti aisunga bwino akamaliza kuphika. Tinatumiza uthenga kunyumba, amayiwo anafika ali wefuwefu, ndipo kuchipatala anauchotsa mkandawo bwinobwino. Alhamdulillah. Koma anabwerera kunyumba nthawi ya Magharibi itadutsa, mandasi a tsiku limenelo osagulitsa.

Kuyambira pamenepo takhala tikufunsa amayi obwera kudzatenga ana funso looneka ngati lachibwana: kodi mikanda, maliboni, timphira ndi zopanira tsitsi za mwana wanu zimagona pati? Ena amati pawindo, ena pansi pa pilo, ena m'kapu yothyoka chogwirira. Ambiri amayankha moona mtima kuti paliponse pomwe zagwera. Amayi ena achikulire anatiseka nati, "Aa, a Mwalimu, kodi mwayamba za saluni tsopano?" Sitinayambe za saluni. Tinangoona ndi maso athu zomwe kamkanda kamodzi kangachite.

Wina angafunse kuti nkhani ya ku Lilongwe ikukhudza bwanji banja la ku Mangochi, ku Salima kapena ku Nkhotakota. Chisamukireni likulu la dziko kuchoka ku Zomba mu 1975, ana athu a kunyanja akhala akukhamukira ku Lilongwe, ena kukachita utelala, ena kukagulitsa usipa ndi utaka, ena kukagwira ntchito m'makampani a ku Kanengo, ena kutsatira amuna awo. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318 mu mzindawu. Ochuluka mwa iwo sakhala m'nyumba za mipanda za ku Area 10 kapena Area 43. Amakhala ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo, ku Area 23, ku Area 25, ku Mgona ndi madera ena otere. Zidzukulu zanu zikukulira kumeneko, ndipo tchuthi chikafika zimabwera kwanu ndi mikanda yake kumutu. Komanso tizinthu tonyezimira timene timagulitsidwa mumsika wa Tsoka ndi m'masitolo a ku Area 2 tinafika kale m'misika ya kunyanja.

Amene sanakhalepo m'nyumba ya lendi ya mdadada atilole tiwafotokozere. Nyumba zambiri ndi za chipinda chimodzi ndi pabalaza, zina ndi chipinda chimodzi chokha chogawa ndi katani. Mkeka umene ana adyerapo ndi womwewo amalukitsirapo tsitsi, khanda limakwawa pomwepo, usiku nkugonapo onse. Kumudzi mkanda ukagwa umalowa mumchenga, basi wapita. Pasimenti umagubuduka nkukabisala kuseri kwa ndowa, kudikira wokwawa. Panja poloti imodzi mabanja anayi kapena asanu, bafa limodzi, chingwe choyanikira chimodzi, ndipo kawirikawiri chipeso chimodzi chimayendera makomo onse. Onjezerani apa kuti m'masukulu ambiri a pulayimale atsikana amameta tsitsi. Choncho omanga mikanda tsiku ndi tsiku ndi ana osayamba sukulu, a chaka chimodzi mpaka zisanu, ndipo umenewu ndiwo msinkhu umene chilichonse chimayesedwa ndi kamwa.

Kukongoletsa mwana sikulakwa

Alipo akuluakulu ena amene amati zonsezi nzachabe, ingometani mwanayo nkhani ithe. Kumeta sikulakwa, ndipo kwa banja limene madzi ndi sopo zikuvuta ndi nzeru ndithu. Koma tisanamizire chipembedzo kuti ndicho chikuletsa. Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye, anali wokonda kusangalatsa ana aakazi. Imam Abu Dawud analemba kuti Najashi, mfumu ya ku Habasha, dziko limene lero tikulitcha Ethiopia, inamtumizira Mtumiki (SAW) zodzikongoletsera, mwa izo munali mphete yagolide, ndipo iye anaitana mdzukulu wake Umamah, mwana wa Zainab, nampatsa kuti avale. Imam Bukhari nayenso anasimba za kamtsikana kotchedwa Umm Khalid, kamene Mtumiki (SAW) anakaveka yekha ndi manja ake nsalu yokhala ndi timaluwa, nakayamikira kuti yakakhala bwino. M'mahadisi muli langizo lakuti amene ali ndi tsitsi alilemekeze, ndipo Mayi Aisha (RA) anatiuza kuti Mtumiki (SAW) ankakonda kuyambira kumanja ngakhale popesa.

Ndiye riboni pamutu pa mwana si tchimo. Koma chinthu chimene chaloledwa chimabwera ndi udindo wake. Mwana ndi amana m'manja mwa makolo, ndipo amene wagula mikanda wagulanso ntchito yoisunga.

Zimene timaopa

Choyamba ndi kutsamwa. M'mayiko amene amayesa zidole zisanagulitsidwe, kanthu kalikonse kokwana m'kachubu kotakata pafupifupi masentimita atatu kamawerengedwa kuti nkoopsa kwa mwana wosakwana zaka zitatu. Mwa muyeso umenewu mikanda yonse ya tsitsi yalephera, pamodzi ndi timaluwa tomata ndi guluu pa zopanira, timene timasomphoka mwana akangotikoka. Khanda likatsamwa nkulephera kulira kapena kutsokomola, ligonekeni chafufumimba pamkono panu mutu utatsika, nkulimenya kasanu pamsana pakati pa mapewa ndi chikhatho. Likapanda kutulutsa litembenuzeni chagada nkukanikiza kasanu pakati pa chifuwa ndi zala ziwiri, mukusinthasintha chotero pamene wina akuthamangira thandizo. Musapise chala kummero kufufuza chinthu chimene simukuchiona, mumangochikankhira mkati.

Mkanda wa m'mphuno kapena m'khutu nawo uli ndi chinyengo chake, chifukwa mwana amabisa. Mukaona mamina onunkha akutuluka mbali imodzi yokha ya mphuno kwa masiku angapo, kayikirani kuti muli chinthu. Mtengo wa machesi, nthenga ya nkhuku ndi phini zisayandikire. Mwana wamkulupo angathe kutseka mbali inayo nkumina. Zikakanika pitani naye kuchipatala chapafupi, kaya ndi cha ku Kawale, cha ku Area 25 kapena ku Bwaila, ndipo iwo akaona kuti nzovuta adzakutumizani ku Kamuzu Central. Chomwe chinatidandaulitsa pa nkhani ya kamtsikana kaja sichinali mkanda wokha, koma kuti ana awiri anakhala theka la tsiku ali chete poopa chikoti. Auzeni ana anu lero lomwe kuti wonena msanga sakwapulidwa, ndipo musunge lonjezolo.

Pali mtundu wina wa zovala kumutu umene ife tingakonde usalowe m'nyumba ya mwana wamng'ono. Ndi tija timayaka magetsi tikakanikizidwa, timene timachuluka nyengo ya zikondwerero. Mkati mwake muli kabatire kozungulira konga batani. Mwana akameza kameneka nkukakamira kummero, kangathe kuwotcha mnofu m'maola awiri okha. Apa palibe zodikira kuti kuche kapena kuti bambo abwere.

Chachiwiri ndi matenda a pamutu. Chipere sichibwera chifukwa cha ufiti kapena kudya mango osapsa. Chimayamba ndi tizilombo ta mtundu wa chuku timene timasamuka kuchoka pamutu wina kupita pamutu wina kudzera pa chipeso, lezala, pilo, chipewa ndi mpango. Chipere cha m'mutu sichimva mankhwala opaka okha. Chimafuna mapiritsi akumwa, monga griseofulvin, kwa milungu isanu ndi umodzi kapena kuposera, molembedwa ndi a chipatala. Nsabwe siziuluka ndipo sizidumpha, zimayenda pamene mitu yagundana, koma chipeso chochoka pamutu wa wina nkulunjika pamutu wa mnzake chimazipatsa mlatho. Ife kumadrasa timaziona zonsezi, pakuti mpango umabisa kwa anthu a mumsewu koma subisa kwa mphunzitsi woyang'anira ana pochita wudhu.

Chachitatu ndi manja athu omwe. Timphira tomanga mothinitsa ndi mikanda yolemera zimazula tsitsi pang'onopang'ono. Mukaona tiziphuphu m'mphepete mwa chipumi, kapena mwana akulephera kugona ndi ululu atangolukitsa, dziwani kuti mwakoka kwambiri, masulani. Zikapitirira kwa zaka, tsitsi la m'mphepetemo limaleka kumera. Ulusi wolukira ukatayidwa pamkeka ungathenso kuzengereza kachala ka phazi la khanda nkutsekereza magazi. Khanda likamalira popanda chifukwa chooneka, livuleni sokosi muone zala.

Kachitini kake ka mwana

Njira yake si yodula, ndipo sitikukutumani kukagula bokosi la kusitolo. Chitsikireni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, katundu aliyense wochokera kunja anakwera mtengo, timphira tomwe, kotero ndalama imene ilipo isathere pa chosungira. Botolo la pulasitiki la chiponde, lija lotseka mopotokola, ndilo labwino koposa pa mikanda ndi timphira, chifukwa dzanja la mwana wa zaka ziwiri silitha kulitsegula msanga ndipo zamkati zimaonekera. Chitini cha majarini chimakwana zopanira, ngakhale chitsekero chake chimatseguka chikangogwa. Litsukeni ndi sopo, liume. Chigubu chimene munali mankhwala a mbewu, a makoswe kapena parafini musachiyese nkomwe, ngakhale mutachitsuka kangati.

Mikanda isakhale yomwazika m'botolomo. Tasbihi ya agogo ili ndi mikanda 33 kapena 99, imagwidwa kasanu pa tsiku kwa zaka zambiri, koma sumva kuti umodzi wasowa. Chifukwa chake nchakuti ili pa chingwe. Chitani chimodzimodzi: mukamamasula tsitsi khalani ndi ulusi wolimba pafupi, mkanda uliwonse ukachoka kumutu ulowe pa ulusi usanakhudze pansi, pomaliza mumange mfundo. Ndipo muziwerenga. Ngati munamanga mikanda 40, ibwerere 40. Ikapereweza, khanda linyamulidwe kaye kumsana mpaka wosowayo atapezeka. Langizo ili lokha likadagwiritsidwa ntchito, amayi aja a ku Kawale sakadataya tsiku lawo.

Maliboni ndi timipango sitifuna botolo, timafuna mpweya. Telala aliyense ali ndi zidutswa za nsalu pansi pa makina. Mpempheni akusokereni kansalu ka matumba atatu kapena anayi kopachika pa msomali. Inu a kunyanja muli ndi mwayi wa mlaza. Kadengu kakang'ono kovindikira koluka agogo ndi mphatso yabwino kwa mdzukulu wa mtauni kuposa switi.

Pomwe mwasankha kuika pakhale pamwamba pakuti mwana ngakhale atakwera pampando sangafikire. Pawindo ayi. Dzuwa la October ndi kutentha kwa malata zimafoola timphira, timayamba kunanda ndi kuduka, ndipo fumbi la Lilongwe la nyengo ya chilimwe, limene aliyense wokhala ku Chinsapo kapena ku Mgona akulidziwa, limalowa paliponse posatseka. Nthawi ya dzinja vuto limakhala chinyontho: zopanira zachitsulo zimachita dzimbiri, riboni yosungidwa yonyowa imachita chuku. Chopanira chadzimbiri kapena chothyoka dzino chitayidwe m'chimbudzi, osati padzala pomwe ana amatola zoseweretsa. Ndipo botolo la mwana likhale la tsitsi lokha. Singano, lezala, mapiritsi a amayi ndi mapini a mpango zikhale kwina, kuti tsiku limene mwamtuma mwana kukatenga riboni asakapise dzanja m'zinthu zimenezi.

Za mapini tinenepo pang'ono. Chisayinireni mgwirizano wa mu 2021 pakati pa atsogoleri a Chisilamu ndi a Chikhristu, motsogozedwa ndi bungwe la Public Affairs Committee, wolola atsikana achisilamu kuvala hijabu m'masukulu a mishoni othandizidwa ndi boma, mipango yachuluka m'nyumba zathu ndipo mapini achuluka nayo. Madokotala a m'mayiko monga Turkey ndi Egypt akhala akuchotsa mapini m'mapapo a atsikana amene anawaluma pakamwa pokonza mpango, kenaka nkuseka kapena kuyankhula. Amayi, chizolowezi choluma phini mwana amachitengera kwa inu. Kwa ana aang'ono hijabu yosokeratu yongovala ngati chipewa ndiyo yoyenera, siifuna phini.

Chipeso ndi mnansi

Apa ndi pamene pavuta, chifukwa pakukhudza chibale cha papoloti. Mnansi ali ndi ufulu waukulu m'Chisilamu, ndipo kumana tizinthu tating'ono tobwerekana ndi khalidwe limene Qur'an yalidzudzula mu Surat Al-Ma'un. Nanga mayi wa khomo loyandikana akabwera kudzabwereka chipeso cha mwana wanu, mutani? Ife timalangiza kuti m'nyumba mukhale chipeso chapadera cha alendo ndi anansi. Chimenecho bwereketsani ndi nkhope yosangalala, chikabwerera chitsukeni. Cha mwana chikhale cha iye yekha, chomangidwa kaulusi ka mtundu wake kuti chidziwike. Potero mnansi sanamanidwe, mwana sanapatsidwe chipere.

Kutsuka kwake sikufuna ndowa, tikudziwa kuti madzi a pa kiyosiki ndi ogula. Kapu imodzi ya madzi otentha kwambiri ndi sopo pang'ono zikwana. Chotsani kaye tsitsi lokodwa m'mano a chipeso, chiviikeni mphindi khumi, chikwecheni ndi mswachi wakale, chiume padzuwa. Sankhani tsiku limodzi pa mlungu. Lachinayi madzulo ndi bwino, pamene mukukonza zovala za Ijumaa. Maliboni ndi timipango muyanike pachingwe osati pansi, chifukwa ntchentche ya mphutsi imaikira mazira pa nsalu zonyowa zoyanikidwa padothi.

Riboni yobwereka ibwezedwe yochapa ndiponso msanga. Mikangano ingati ya papoloti imene inayamba ndi chopanira chimodzi choonekera pamutu pa mwana wa eni? Imam Bukhari anasimba kuti pa ulendo wina Mayi Aisha (RA) anataya mkanda wa m'khosi umene anabwereka kwa mkulu wake Asma (RA). Mtumiki (SAW) anaimitsa ulendo kuti ufunidwe, pamalo popanda madzi, mpaka anthu anakadandaula kwa Abu Bakr (RA), yemwe anakamdzudzula mwana wakeyo. Pamenepo ndi pomwe inatsika ndime yolola tayammum, ndipo mkandawo unapezeka pansi pa ngamira imene mayiyo anakwera. Timakonda kuwasimbira ana nkhaniyi, pakuti amadabwa kumva kuti gulu lonse la Maswahaba linaima chifukwa cha mkanda wobwereka.

Tinenenso za ana a m'nyumba imodzi. M'nyumba zambiri za mtauni muli mwana wa achemwali wochokera kumudzi, kapena wamasiye, kapena wa mkazi wina wa bambo. Taona kumadrasa ana awiri a khomo limodzi, wina mutu uli waliwali ndi mikanda, mnzake atamangidwa ndi kachidutswa ka jumbo. Ana sayankhula koma amaona. Mtumiki (SAW) anakana kuchitira umboni mphatso imene bambo a Nu'man bin Bashir anapatsa mwana mmodzi kusiya ena, nalamula chilungamo pakati pa ana. Ngati atsikana ali awiri, mabotolo akhale awiri, ndipo zamkati zifanane ngakhale zikhale zochepa. Abambo, pano mpanu. Musati za tsitsi nza amayi. Pogula za Eid funsani kuti mitu ndi ingati m'nyumbamo.

Pali zinthu ziwiri zimene sitingakonde kuzipeza m'botolo la mwana wachisilamu. Mkanda wokongoletsa ndi wina, mkanda womangidwa ndi chikhulupiriro chakuti uteteza mwana ku maso a anthu kapena kutseka liwombo ndi winanso. Wachiwiriwo ndi chithumwa ngakhale utakongola bwanji, ndipo mtetezi ndi Allah yekha; liwombo likalowa mkati, mwana akutsekula m'mimba, ndiye kuti madzi atha m'thupi, mpatseni thanzi ORS nkuthamangira kuchipatala. China ndi tsitsi lolumikiza. Kulumikiza tsitsi la munthu wina kunaletsedwa momveka m'mahadisi a Bukhari ndi Muslim. Ulusi ndi wulu, zimene aliyense akuona kuti si tsitsi, ma ulama ambiri anazilola. Pa meshi wa pulasitiki wofanana ndi tsitsi pali kusiyana maganizo, funsani shehe wa pamzikiti wanu. Koma kwa mwana wa zaka zitatu kulemera kwake kokha nkokwanira kuti timsiye.

Botolo likhale m'manja mwa amayi mpaka mwana atakula, koma ntchito yake ayambe kuigwira msanga. Wa zaka zinayi angathe kupereka mikanda umodziumodzi amayi akulowetsa pa ulusi, akuwerenga mokweza. Ena mwa ana athu anaphunzira wahid, ithnan, thalatha pa mikanda yomweyi. Pofika zaka zisanu ndi ziwiri, msinkhu umene timayamba kumphunzitsa Swala, angathe kutsuka yekha chipeso chake ndi kubweza zonse m'malo mwake, inu nkumangoyendera. Pokhapokha ngati m'nyumba muli khanda lokwawa, pamenepo botolo libwerere pamwamba ndithu.

Amayi a kamtsikana kaja tinakumana nawo patapita miyezi ingapo atabwera kudzalipira ya madrasa. Anatiuza kuti mikanda tsopano imagona m'botolo la chiponde pamwamba pa kabati, ndipo usiku wina atawerenga anapeza 39. Anadzutsa nyumba yonse, anasuntha ndowa ndi matumba a makala, anakutumula mkeka ndi tochi ya foni m'manja. Wa 40 anaupeza m'nsapato ya bambo.